Chipinda cha Kumathero a Njanji

14 Januwale

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu ndi onse pakhomopo. Ndikhulupirira kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani, ndipo mvula sinagwetse khoma la kukhitchini. Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa ka nthunzi ya kuntchito kamene mukukadziwa kale. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumangoti "ee, ee" koma simumva, kenako achimwene amakuuzani zawozawo. Achimwene, ndikudziwa kuti ndinu mukuwerenga. Musadumphe mizere.

Adalaivala athu a galimoto yobwera kumudziko akupatsani envelopu ndi kathumba. Ndalamazo ndi za feteleza wobereketsa ndi nsapato za mwana wanga Katsabola, si za foni ya munthu ayi.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Zaka zinayi zakwana ndisanagone nyumba imodzi ndi mwana wanga. Ndinamusiya alibe mano akutsogolo, lero mukuti akukuyankhani ngati loya. Ndikufuna abwere adzakhale ndi ine, adzaphunzire kuno. Koma pamene ndikugona pano mwana sangalowepo. Tili akazi asanu m'chipinda chimodzi, pamwamba pa nyumba yosanja, ndipo bedi ndi bedi timagawa ndi nsalu yopachika pa waya. Wina akatembenuka, tonse tadziwa. Ndimalipira 900 ya ndalama za dziko lino pa malipiro anga a 4,000. Ubwino wake ndi umodzi wokha: kuntchito ndimayenda wapansi, mphindi khumi ndafika.

Ndiye ndakhala ndikufunsafunsa za malo. Pafupi ndi tauni, ulendo wa basi imodzi, chipinda cha wekha akuti 2,300. Ndikalipira imeneyo, ine ndi mwana tizidya makoma? Koma kuli dera lina kumene sitima imathera. Kumeneko akuti chipinda ndi 800, tikiti ya sitima ya mwezi wonse 350, ndipo sukulu ya boma ili pafupi. Pa pepala la pa siteshoni alemba kuti ndi ulendo wa maola awiri.

Ndinawauza Mayi Thovu, mnzanga amene timaima naye pa makina osita nsalu za m'mahotela. Timawatchula choncho chifukwa mutu wawo wayera ngati thovu la sopo. Iwo anangopinda tawulo n'kunena kuti, "Lendi yotchipa, mwana wanga, yotsalayo umalipira ndi tulo." Koma iwo ana awo anakula kalekale, n'chifukwa chake akuyankhula motero.

Musamuuze kaye Katsabola. Ndikaone ndi maso.

Ndine mwana wanu.

9 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndamva kuti malungo anakugwirani, ndipo ndathokoza kuti mwadzuka. Mankhwala muzimaliza, musamasunge ena kuti akudikire matenda a mawa. Ine ndili bwino.

Ndinapita Lamulungu. Ndinawerenga masiteshoni, ndi 19. Nyumba zosanja zinatha, mafakitale anatha, tinadutsa manda aakulu, kenako tchire lokhalokha, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina ndikubwerera kwathu osadziwa. Potsika tinatsala anthu owerengeka m'bogi monse.

Chipindacho chili kuseri kwa nyumba ya anthu. Amanga zipinda zinayi mondondozana, changa ndi chakumapeto. Pansi ndi pa simenti, denga la malata silidontha, zenera lilipo limodzi la zitsulo. Mpopi uli panja, chimbudzi ndi cha tonse. Ukaima pageti, sukulu ukuionera apo, ndipo belu lake limamveka. Amayi, nditatseka chitseko n'kuima pakati ndekha, ndinatambasula manja onse awiri osakhudza munthu kapena nsalu ya munthu. Ndinatsala pang'ono kulira.

Eni nyumba ndi bambo wopuma pantchito, koma wolankhula ndi mkazi wake. Nditanena za mwana, mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Ana sitiwakana," anatero, "koma phokoso timakana. Ndikamva kulira kapena mpira pakhoma, mutuluka." Ndinati wanga ndi wofatsa. Mulungu andikhululukire bodzalo. Chipinda choyandikana ndi changa muli mayi wosoka zovala, wamasiye, ndipo anandipatsa madzi akumwa ndisanapemphe.

Ndapereka dipoziti. Lolemba nditawauza Mayi Thovu, anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe unapita Lamulungu! Lamulungu ngakhale apongozi amaoneka abwino. Ukanapita Lolemba m'mamawa." Ndinawayankha kuti ine ndinakulira ku mjigo wa kutali, kuyenda sikundiopsa.

Tsopano mukhoza kumuuza Katsabola. Achimwene apite kwa ahedi akatenge kalata yosamukira sukulu ndi malipoti ake onse. Kalata yake ya kubadwa ili m'sutikesi yanga yobiriwira, m'kati mwa Baibulo. Mbuzi musagulitse, ya ulendo wake ndipeza ndekha.

Ndine mwana wanu.

22 Malichi

Amayi,

Moni nonse. Ndasangalala kumva kuti chimanga chacha bwino. Ine ndilipo, miyendo yokha ndiyo ikutupa madzulo, koma ikagona imaphwa.

Ndasamuka, patha masabata atatu. Ndapaka penti ya buluu, ndagula matiresi kwa munthu amene akubwerera kwawo, ndi kasitovu ka palafini ka masiku amene magetsi azima, chifukwa kuno amazima kawirikawiri. Ndakhomanso msomali wopachika yunifolomu ya mwana.

Mwafunsa za ulendo. Ndimadzuka hafu pasiti filii. Ku siteshoni ndi mtunda wa mphindi 25, ndipo sitipita wekhawekha, azimayi timadikirana pa kona ya golosale mpaka tikwane asanu kapena asanu ndi mmodzi. Sitima imanyamuka 4:40. Popeza ndife oyamba kukwera, mpando timaupeza, koma pofika siteshoni yachisanu anthu amakhala atadzaza mpaka chitseko osatsekeka. Ena amagona choimirira, ena amalalikira, ena amagulitsa masokosi. Ndimafika kuntchito kutatsala mphindi khumi kuti ikwane 7. Tikaweruka hafu pasiti faifi ndimathamangira ya 6:10, ndipo pakhomo ndimalowa cha m'ma 9. Mtundu wa penti yangayo ndimauona Lamulungu lokha.

Foni yakale ija ndilibenso. Inapita ndi akuba pa mlatho wa pa siteshoni sabata yatha. Sindinavulale kwenikweni. Nambala yatsopano ndalemba kuseri kwa pepalali, ndipo nkhaniyi ithere pomwepa.

Ngakhale zili choncho, mwezi uno ndatsala ndi kangachepe m'manja kuposa kale, ndipo ku sukulu anena kuti malo alipo. Adalaivala athu anyamuka kumeneko pa 12 Epulo, akazi awo adzakhala nawo m'galimoto, ndiye mwana adzakhale pafupi ndi iwo. Mumumangire juzi ziwiri, kuno kuzizira kukubwera. Musamupatse katundu wa anthu ena kuti adzapereke kwa abale awo, ndi mwana, si positi ofesi.

Ndine mwana wanu.

27 Epulo

Okondedwa Amayi,

Moni wa chimwemwe. Tili bwino tonse awiri. Taonani, ndalemba kuti "tonse awiri".

Anafika bwino mdzukulu wanu. Pa depoti ndinamudutsa osamuzindikira, ndinkayang'ana kamwana, pamene iye wandifika paphewa. Anandipatsa moni ngati mlendo, maso pansi. Tili m'sitima anandiyang'anitsitsa n'kuti, "Amayi, pa chithunzi paja ndinu onenepa. Kuno sakupatsani chakudya?" Ndinadziwa kuti ndi Katsabola wanga yemwe uja. Pa siteshoni ya khumi anafunsa ngati tatsala pang'ono. Pa ya 15 anati, "Ndiye mumati mumakhala m'tauni?"

Sukulu wayamba. Amubweza kalasi imodzi chifukwa cha chilankhulo cha kuno, koma masamu akuwaposa onse, mpaka aphunzitsi anatumiza kakalata. Yunifolomu ndagula yakale pa 180, mayi wosoka uja anaibweza m'chiuno osandilipiritsa.

Timachita chonchi. Ndikamachoka m'mamawa iye ali m'tulo, ndimasiya tiyi m'fulasiki ndi buledi pa mbale. Kiyi wake ndamumangira pa chingwe cha nsapato, amavala m'khosi m'kati mwa bulauzi. Akaweruka 2 koloko alowe, akhome chitseko, asatsegulire munthu aliyense ngakhale atati watumidwa ndi ine. Asasewere pabwalo, asaimbe, asayatse sitovu. Ndamuuza kuti eni nyumba akangomva phokoso tigona panja. Anati, "Ndiye kupuma ndikololedwa?" Ndinamuuza kuti apume pang'onopang'ono.

Lamulungu ndi lathu. Timachapa, ndimamuluka tsitsi pakhomo padzuwa, iye n'kumandiuza nkhani za kumudzi zimene inu mumandibisira, monga za achimwene ndi njinga ya eni ake ija. Akuti ndimaliza nkonono ngati chigayo. Lamulungu lapitali ndinagona ndili pakati pomuluka, chipeso chili m'manja, ndipo anandisiya osandidzutsa, anapita ku sukulu Lolemba mutu uli theka.

Ndatumiza zochepa mwezi uno chifukwa cha mabuku. Akuti ndikuuzeni kuti nkhuku yake yamawangamawanga isaphedwe.

Ndine mwana wanu.

15 Juni

Amayi,

Moni. Ndamva kuti mwakolola, zikomo. Musagulitse msanga ngakhale achimwene akukakamizeni. Ife tilipo. Kuzizira kwafika, mwana ali ndi chimfine koma akupita ku sukulu.

Sitima zayamba kuvuta. Akuti akuba akudula mawaya a magetsi m'mbali mwa njanji, ndiye tsiku lina imabwera, tsiku lina timangoima pa siteshoni ngati ng'ombe za pa msika, popanda wotiuza kanthu. Ikapanda kubwera timathamangira maminibasi. Kuti ndifike kuntchito ndimakwera atatu, ndipo kupita ndi kubwera ndi 90 pa tsiku. Tikiti ya mwezi ndinagula kale, sabweza. Mwezi uno ya mayendedwe yaposa ya nyumba.

Ndachedwa kanayi. Akapitawo anandiitanira mu ofesi n'kundipatsa kalata ya chenjezo, yachiwiri. Ndinayesa kufotokoza za mawaya. Iwo anati, "Mahotela safuna kumva za sitima, amafuna nsalu zoyera. Ndinakutuma ndine kukakhala kutchire?" Yachitatu ikabwera ndiye kuti basi. Mayi Thovu sananene kuti ndinakuuza. Anangondigawira mkate wawo, n'kundiuza kuti ndizitsamira khoma pa nthawi yopuma, adzandidzutsa. Lachinayi ndinasinza ndikulowetsa nsalu m'makina, anandikoka dzanja ndi iwowo. Zala zonse zilipo, musadandaule.

Ndafunsanso za zipinda za pafupi. Chija cha 2,300 pano akuti 2,600, ndipo akufuna dipoziti ya miyezi iwiri. Ndinangothokoza n'kutuluka.

Chimene chikundidya ndi mwana. Wasiya nthabwala. Ndikafika ndimamupeza wagona ndi yunifolomu, chakudya changa atavundikira ndi mbale. Mayi wosoka akuti madzulo amamuona pa zenera, atagwira zitsulo, akuyang'ana kugeti. Amuitana kangapo kuti akakhale nawo, iye amakana, amati amayi anati ndisatsegule. Lamulungu ndinamufunsa ngati akusangalala kukhala ndi amake. Anati, "Kwa agogo ndinkakumvani mawu pafoni. Kuno ndimangomva kiyi."

Mukanakhala inu mukanati chiyani?

Mwezi uno ndatumiza sopo ndi shuga basi. Mundipempherere, koma musauze anthu a kutchalitchi chifukwa chake.

Ndine mwana wanu.

6 Julayi

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino.

Ndalemba mwachangu, adalaivala akudikira panja. Mwezi uno palibe chimene ndatumiza. Katsabola ali m'chipatala, anapsa ndi moto pa dzanja. Akulankhula, akudya, madokotala akuti achira. Musalire, ndipo musayambe kuyenda kwa anthu kukafunsa kuti walodza ndani. Palibe walodza.

Musatumizenso makalata ku adiresi ija, sindikukhalakonso. Muzipatsira adalaivala.

Zambiri ndidzalemba mutu ukakhala m'malo.

Mwana wanu.

2 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu. Kalatayi ikupezani pamodzi ndi mdzukulu wanu, ili m'thumba la juzi yake. Ine thupi lili bwino. Achimwene, iyi muwerenge mwana atatuluka panja.

Linali Lachitatu, pa 25 Juni. Sitima ya madzulo inanyamuka bwinobwino, koma inakaima pakati pa tchire, kutatsala masiteshoni asanu ndi awiri. Magetsi anathima. Tinadikira maola atatu, kenako anthu anayamba kutsika n'kumayenda m'njanji. Tsiku lomwelo a maminibasi anali atanyanyala ntchito, pamsewu panalibe galimoto. Foni yanga inali itatha moto. Azimayi tinagwirizana kuti tisapitirire mumdima, tinakhala m'chipinda chodikirira cha siteshoni ina mpaka kunayera. Ndinafika pakhomo wapansi dzuwa litakwera, ndipo ndinaona matiresi athu ali pabwalo, akuda, akufukabe utsi.

Kunyumbako magetsi anali atazimanso, ndipo kunazizira kwambiri. Mwana ataona kuti sindikubwera, anaganiza zoti anditenthetsere chakudya kuti ndidzapeze chofunda. Anayatsa sitovu atadzifunditsa bulangete. Bulangetelo linagwira moto, sitovu inagwa, palafini anamwazika. Chitseko chinali chokhoma monga ndinamuuzira, ndipo mu utsimo kiyi sanamupeze msanga. Amayi, sanakuwe. Ankazimitsa yekha ndi manja, kukamwa atatseka, chifukwa ndinamuuza kuti akachita phokoso atithamangitsa. Mayi wosoka ndiye anamva fungo. Anathyola chitseko ndi chitsulo cha makina ake, anamukulunga ndi nsalu ya kasitomala, n'kumubereka mpaka pamsewu waukulu.

Wapsa dzanja lamanja mpaka m'chigongono, ndi pang'ono pakhosi. Nkhope ilibe kanthu. Zala ziwiri zikukanika kutambasuka, akuti mwina zidzatheka akamazilimbitsa tsiku ndi tsiku. Nditalowa mu wodi, mawu ake oyamba anali akuti, "Pepani amayi, ndinayatsa sitovu."

Eni nyumba anandipatsa masiku awiri oti ndisamuke, dipoziti anati ndi ya chitseko ndi penti. Sindinakangane nawo. Ku chipatala kunabwera mayi wa boma woona za ana, ali ndi faelo. Anafunsa kuti mayi wake anali kuti, amachoka nthawi yanji, amabwera nthawi yanji, mwana amasiyidwa ndi ndani. Ndinayankha zoona zokhazokha, ndipo pamene ndinkazimva zikutuluka pakamwa panga ndinadziona mmene iye ankandionera. Sanali munthu woipa. Anatseka faelo n'kunena motsitsa mawu kuti akadzabweranso n'kupeza zinthu zili chimodzimodzi, mwanayo adzamutenga. Ndinaganiza masiku atatu pa benchi ya chipatala. Kuli bwino akhale ndi inu kusiyana ndi anthu amene sindikuwadziwa.

Ntchito sinathe. Mayi Thovu anakalowa okha mu ofesi, sindikudziwa chimene ananena, koma akapitawo anangondidula malipiro a masiku amene ndinajomba. Ndabwerera ku nyumba yosanja ija. Bedi langa analowapo wina, ndiye ndikugona pa bedi la mtsikana wogwira ntchito usiku, iye akamabwera ine ndikudzuka. Masiku anayi omalizawa, atatuluka m'chipatala, mwana anagona kwa Mayi Thovu.

Tsopano mvetsetsani. Bandeji azisintha masiku awiri alionse ku chipatala chaching'ono, osati kunyumba. Mafuta opaka ali m'kabotolo koyera, makalata a dokotala ali mu pulasitiki. Musapakepo china chilichonse chimene anthu angakuuzeni. Asakhale padzuwa, ndipo musamutume pamoto ngakhale atapempha yekha. Anthu akamabwera kudzaona, asamamuvundukule dzanja ngati chinthu cha pa msika. Musamufunse mafunso. Kuyambira tsiku lija sanalirepo, ngakhale pomusenda mabala. Akadzayamba kulira musamutonthoze msanga, mumusiye alire mokweza mmene angathere, mudzi wonse umve.

Ndime yotsirizayi ndawonjezera pa depoti, galimoto ikupakira. Ndamuuza Katsabola kuti ndibwera Disembala. Wandigwira ndi dzanja lamanzere n'kuti, "Musatchule mwezi, amayi. Ndimawerenga." Ndiye sinditchula, inunso musamutchulire. Adalaivala aliza injini. Akapitawo anandipatsa mpaka 10 koloko, pano yatsala mphindi makumi awiri, ndiye sindidikira kuti ndione galimoto ikutuluka pageti. Mumuuze kuti ndinaima mpaka inakhota.

Ndine mwana wanu.